Wosauka Alibe Mpata Wodikira: Kalata kwa Atsogoleri a Dziko Lino

Olemekezeka Mtsogoleri wa Dziko, nduna za boma, aphungu a Nyumba ya Malamulo, mabwanamkubwa a m'maboma ndi mafumu athu,

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Zaka zanga zonse zogwira choko ndinazithera m'sukulu za pulayimale za kumudzi m'chigawo cha kummwera, ndipo lero ndikukhala pakati pa anthu amene ambiri mwa iwo anadutsa m'manja mwanga ali ana, pano ali ndi mabanja awoawo. Chimene chandikhazika pansi kuti ndikulembereni ndi umphawi. Mawuwa amatchulidwa pa msonkhano uliwonse wa chitukuko ndi m'chikalata chilichonse cha boma, koma ndikaona momwe zinthu zimayendetsedwera, ndimakayikira ngati tanthauzo lake limafika m'zipinda momwe mumagamula za moyo wa anthu.

Ziwerengero mukuzidziwa kuposa ine. Kafukufuku wa m'mabanja amene nthambi ya boma yoona za ziwerengero, National Statistical Office, inachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 51 pa 100 alionse ndi osauka, ndipo pafupifupi 20 pa 100 alionse ndi osaukitsitsa, kutanthauza kuti ngakhale atathera zonse ali nazo pa chakudya chokha, sangapeze chokwanira thupi lawo. Kafukufuku wa mtundu womwewo mu 2004 ndi 2005 anapeza 52 pa 100. Pakati pa zaka zimenezi maboma anasinthana, ndondomeko zinalembedwa, masomphenya a Vision 2020 anafika kumapeto ndipo mu 2021 tinakhazikitsa a Malawi 2063, koma theka la mtundu linatsala pomwe linali. Popeza chiwerengero cha anthu chinakwera kuchoka pa 13 miliyoni mu 2008 kufika pa 17.5 miliyoni mu 2018, theka limenelo lero ndi khamu lalikulu kuposa kale. Mlandu umenewu sindikuuika pa chipani chimodzi, chifukwa zipani zonse zimene zalamulapo zaupeza ndipo zausiya.

Mmene ine ndaonera pokhala ndi anthu, wosauka ndi munthu amene alibe mpata wodikira. Ndiloleni ndikuyendetseni m'chaka chimodzi cha banja lotere, chifukwa ndi mmenemo momwe umphawi umaonekera bwino.

Mu Epulo ndi Meyi chimanga chauma ndipo anthu akukolola. Banja lomwe lili ndi kamunda kosakwana hekitala imodzi limapeza matumba owerengeka, ndipo chimanga chisanalowe n'komwe m'nyumba, eni ngongole amakhala atafika kale pakhomo: amene anakongoza ndalama ya katapila mu Januwale, gulu la banki m'khonde, ndi mwini okala amene ankapereka mchere ndi sopo pa ngongole. Nthawi yomweyo venda wapachika sikelo yake pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Mlimi amadziwa bwino lomwe kuti mtengo wa nthawi yokolola ndi wotsikitsitsa pa chaka chonse, amadziwanso kuti chimanga chomwecho adzachigula mokwera kwambiri mvula ikadzagwa, ndipo nthawi zina amaona ndi maso ake kuti sikeloyo ikumubera. Komabe amagulitsa, chifukwa mwana akutentha thupi lero, ngongole ikubereka lero, ndipo palibe wina wogula amene ali pafupi lero. Pofika Seputembala kapena Okutobala matumba atha. Banja limasiya kudya m'mawa, kenako limayamba kudya kamodzi pa tsiku, ndipo amayi ndi amene amayamba kuchepetsa mbamu zawo kuti ana akhute. Mvula yobzalira ikagwa, nthawi imene munda umafuna mwini wake tsiku lililonse, bambo ndi mayi amalawirira kukagwira ganyu, kukapalira ndi kubandira m'munda mwa munthu wina kuti alandire kambale ka ufa kapena madeya, uku kwawo udzu ukupitirira chimanga. Akamadzabwerera ku munda wawo, mmera wachita kale chikasu. Mu Febuluwale ena amaphika mango osapsa, ku Nsanje ena amalowa m'madambo mwa ng'ona kukazula nyika, ndipo ambiri amatenganso katapila amene adzabweze ndi zokolola zomwe zachepa kale. Chaka chotsatira chimayambira pansi kuposa chapitacho.

M'mudzi womwewo muli banja lina lomwe lili ndi mwana wolembedwa ntchito m'tauni, kapena mbuzi zingapo zogulitsa pakagwa vuto. Banja limeneli limasunga chimanga chake mpaka Januwale, limagulitsa mtengo uli pamwamba, ndipo limalemba aganyu kuti munda wake upaliridwe pa nthawi yake. Mabanja awiriwa amalima nthaka imodzi, amalandira mvula imodzi, ndipo nthawi zambiri losaukalo ndi limene limakhetsa thukuta lochuluka, popeza limalima minda iwiri. Chowasiyanitsa n'chakuti lina lingathe kudikira miyezi ingapo, linalo silingathe. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamamva munthu wophunzira akunena pa wailesi kuti Amalawi ndi osauka chifukwa cha ulesi, kapena kuti chofunika n'kungosintha kaganizidwe. Mayi amene wanyamuka tambala asanalire, khasu paphewa, mwana kumsana, m'mimba mulibe kanthu, sayenera kuuzidwa mawu amenewo.

Wosauka amagulanso chilichonse modula. Amene ali ndi ndalama amagula thumba la chimanga n'kukagayitsa, pamene wosauka amagula ufa wa m'kajumbo wokwanira nsima ya usiku umodzi. Mafuta ophikira amagula a m'katchubu, shuga wa pa supuni, makala a kamulu, ndipo mukaphatikiza zonsezi pa mwezi mupeza kuti walipira zambiri pa kilogalamu iliyonse kuposa bwana wogula mu shopu yaikulu. Pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, akatswiri a zachuma anafotokoza zifukwa zake, ndipo sindine woyenera kutsutsana nawo pa luso lawo. Chimene ndinaona n'chakuti mitengo ya feteleza, sopo, mchere ndi ulendo wa pa minibasi inakwera sabata yomweyo, koma malipiro a ganyu anatsalira m'mbuyo, ndipo munthu amene ndalama zake zonse zimathera pa chakudya analibe china choti adule kupatula chakudyacho.

Tsopano ndinene za m'kalasi, kumene ndikukudziwa bwino. Mu 1994 boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana oposa miliyoni imodzi amene anali pakhomo anakhamukira ku sukulu m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo ndimachiyamikira mpaka lero ngakhale tinkaphunzitsira pansi pa mitengo. Koma kaundula wanga ankatsatira nyengo ya njala ngati mthunzi. Teremu yoyamba ana ankadzaza, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale mayina ambiri ankangoitanidwa popanda woyankha: uyu watsagana ndi amayi ake ku ganyu, uyu akulera mng'ono wake, uyu akugulitsa zitumbuwa, uyu wangogona chifukwa alibe mphamvu yoyenda makilomita angapo. Amene abwera ankayamba kusinza dzuwa lisanafike pamutu. M'sukulu zimene munayamba kuphikidwa phala, monga zothandizidwa ndi bungwe la Mary's Meals lomwe linayambira ntchito yake kuno ku Malawi mu 2002, aphunzitsi angakuuzeni kuti kapu imodzi ya phala imabweza mwana m'kalasi kuposa chilango chilichonse. Vuto lina limayamba mwana asanaone n'komwe khomo la sukulu. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira chifukwa chosowa zakudya zoyenera, ndipo azaumoyo amatiuza kuti kupinimbira kumakhudza ubongo womwe, osati msinkhu wokha. Akuluakulu anati mmera m'poyamba. Mwana wotere akamalephera kuwerenga mu Sitandade 4 timamutcha mbuli, chikhalirecho mlandu unachitika iye ali kumsana.

Za atsikana ndiye n'zomvetsa chisoni kwambiri. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti amayi achitsikana 42 pa 100 alionse anakwatiwa asanakwane zaka 18. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa mwana, ndipo mafumu ena, monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, anathetsa maukwati ambiri a ana n'kuwabwezera ku sukulu. Ntchito imeneyo ndi yotamandika. Koma ndakhalapo pa mkeka ndi makolo amene anakwatitsa mwana wawo wa Sitandade 7, ndipo sindinapeze anthu ankhanza. Ndinapeza agogo olera adzukulu amasiye, amene anawerengera pakamwa pofuna kudya n'kuona kuti ufa sukukwana, ndipo mnyamata wa kabaza anali atalonjeza kuti mtsikanayo azidya kawiri pa tsiku. Tikamubweza mtsikana wotere ku sukulu koma m'nyumba mwa agogo ake mulibe ufa, sipapita nthawi abwerera komwe tamuchotsa.

Olemekezeka, ngati umphawi uli kusowa mpata wodikira, ndiye kuti kuchedwa kwa boma ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimaupanga. Apa ndi pamene pali mtima wa kalata yanga. Kuyambira mu 2005, pamene pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo inayamba, mpaka pa pulogalamu ina yotero ya AIP yomwe inabwera mu 2020, dziko lathera ndalama zankhaninkhani pa feteleza, koma zaka zambiri nyuzipepala ndi mawailesi zakhala zikusimba za alimi ogona pa malo ogulitsira, za netiweki yosagwira, ndi za feteleza wokulitsa wofika chimanga chili kale m'chiuno. Feteleza wofika mochedwa boma limamulipira mtengo wonse, koma m'munda amagwira ntchito yochepa, ndipo mlimi amene wataya masiku atatu pa mzere wataya masiku atatu opalira. Chimodzimodzinso ndi ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971 kuti mlimi wamng'ono akhale ndi msika wodalirika. Unduna umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma ndalama zogulira zikafika m'misika miyezi itapita chikololereni, wosauka amakhala atagulitsa kale kwa venda, ndipo amene amapindula ndi mtengo wabwinowo ndi venda yemweyo. Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo pano anafalikira m'maboma onse, ndamuona akusintha mabanja a nkhalamba ndi ana amasiye: mbuzi pakhomo, yunifolomu, malata angapo. Koma ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo, mbali yaikulu imachokera kwa abwenzi akunja, ndipo ikadumpha miyezi, wolandirayo amakakongola katapila podikira, kotero kuti ikafika imangodutsa m'manja mwake.

Njala ya kuno siibwera mozemba. Chaka chilichonse komiti ya MVAC, yomwe imaunika za chakudya m'dziko, imatulutsa chiwerengero cha anthu amene adzasowe chakudya miyezi ingapo njalayo isanafike pachimake. Mu 2024, ng'amba ya El Niño itaumitsa mbewu ndipo maboma 23 mwa 28 atalengezedwa kuti ali pa ngozi, chiwerengerocho chinali anthu 5.7 miliyoni. Tsiku lobzala limadziwika, mwezi wopalira umadziwika, mwezi umene matumba amatha umadziwikanso. Tinaphunzira mowawa mu 2001 ndi 2002, pamene chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa njala isanafike ndipo anthu anafa. Sindikuona chifukwa chomveka choti chithandizo chizifika munthu atagulitsa kale mbuzi, njinga, ngakhale malata a padenga.

Pali mbali ina ya umphawi imene kafukufuku saiyeza, ndiyo kuchotsedwa ulemu. Wosauka amakhala kumbuyo pa bwalo la milandu ya kumudzi, ndipo akayankhula mawu ake salemera. Pa ofesi amavula chipewa n'kudikira tsiku lonse, wovala taye n'kudutsa osaima pa mzere. Maliro akamugwera, chisoni chimasakanikirana ndi manyazi osowa bokosi ndi ufa wodyetsa anthu. Kwa zaka zambiri ngakhale lamulo lenilenilo linkamuona ngati wokayikitsa: lamulo la vakabu, lochokera nthawi ya atsamunda, linkalola kuti munthu amangidwe chifukwa chongopezeka panjira usiku. Zinatengera wogulitsa majumbo wa mumzinda wa Blantyre, a Mayeso Gwanda, amene anamangidwa mu 2015 akulawirira ku msika, kuti apite ku khoti, ndipo mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo limenelo la lamulo likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Munthu woyenda pa galimoto nthawi yomweyo ya usiku sankafunsidwa kanthu. Ndipo kumene ulemu wachoka, ndale nazo zimawonongeka. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, koma inu nomwe mukudziwa zimene zimachitika pa misonkhano. Munthu amene sanadye dzulo akalandira nsalu ndi kandalama, sindingamudzudzule. Ndimadzudzula wopereka, amene wapeza kuti njala ya anthu ndi yotsika mtengo kugula kusiyana n'kuithetsa. Achinyamata amene aona zonsezi amakwera basi ya ku Joni, monga agogo awo ankapitira ku migodi pa Wenela, n'kusiya midzi ya nkhalamba, amayi ndi ana, ndipo ena amabwerako atathamangitsidwa kapena ali m'bokosi.

Ngozi zachilengedwe nazo zimasankha. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo midzi ina ya ku Mulanje ndi Phalombe inakokoloka. Ambiri afunsa chifukwa chake anthu anamanga m'mbali mwa phiri ndi m'mphepete mwa mitsinje, koma yankho lake n'lodziwika: kumeneko ndi kumene malo anali otsika mtengo. Mitengo imene ikanagwira nthaka inapita ku makala, chifukwa mabanja oposa 9 pa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo wootcha makala nayenso akufuna ufa wa lero. Miyezi yomweyo kolera, amene anayamba mu 2022, anali atapha anthu oposa 1,700, ambiri a iwo okhala kumene madzi aukhondo ndi zimbudzi zili zosowa. Mvula ikakuona litsiro siikata.

Ndikudziwa kuti mudzati thumba la boma ndi loperewera, ngongole za dziko ndi zambiri, ndalama zakunja zikusowa. N'zoona, ndipo sindikupeputsa mtolo umene mwasenza. Koma anthu a kuno sanaiwale za Cashgate mu 2013, pamene mabiliyoni a kwacha anatuluka ku Capital Hill kulipira katundu amene sanaperekedwe, abwenzi akunja n'kuimitsa thandizo lawo la mu bajeti, ndipo amene anamva kuwawa anali odwala osowa mankhwala m'zipatala zazing'ono. Ndalama iliyonse yobedwa kapena yothera pa maulendo ndi misonkhano ya ku nyanja imakhala ndi mwini wake amene akudikira kwinakwake.

Gawo 30 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa chitukuko, ndipo limalamula boma kuchita zonse zofunika kuti anthu akhale ndi mwayi wofanana pa maphunziro, chithandizo cha zaumoyo, chakudya, malo okhala komanso ntchito. Ndikupempha potsamira gawo limenelo, ndipo zimene ndikupempha zambiri sizifuna ndalama zatsopano, zimangofuna kuti ndalama zomwezo zifike pa nthawi yake. Lengezani poyera tsiku limene zipangizo zaulimi zidzakhale zitafika m'dera lililonse mvula isanagwe, ndipo tsikulo likaphonyedwa, nduna idzafotokoze m'Nyumba ya Malamulo chimene chachitika ndi amene wachititsa. Ndalama zogulira mbewu zizikhala m'misika pamene anthu akuyamba kukolola, ndipo oyeza masikelo azifika mpaka pa mtengo wa mango paja. Chithandizo cha nthawi ya njala, kaya ndi chimanga kaya ndi ndalama, chizifika Disembala asanathe kuti banja lipalire munda wake m'malo mothamangira ganyu, ndipo ntchito za mthandizi zisamaikidwe pa masabata omwewo amene munda ukufuna mwini wake. Mtukula Pakhomo azikwera mitengo ikakwera, azilipiridwa osadumphitsa, ndipo gawo la boma lathu pa thumba limeneli lizikula chaka ndi chaka. Phala lifike pa sukulu iliyonse ya pulayimale, logulidwa kwa alimi a m'dera lomwelo. Ntchito za ulimi wothirira, monga ya m'chigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje, zitsirizidwe ndipo mlimi wamng'ono akhale ndi gawo lake lenileni, chifukwa banja lokolola kawiri pa chaka limayamba kukhala ndi mpata wodikira.

Kwa inu mafumu, pempho langa ndi la mayina. Kaundula wa olandira chithandizo amadutsa m'manja mwanu ndi m'makomiti a m'midzi, ndipo mukudziwa nyumba imene utsi sunafuke dzulo. Dzina la nkhalamba ija lisalowedwe m'malo ndi la mlamu kapena la wachipani.

Pamene ndikulemba kalatayi, dzuwa la Okutobala latentha, mizere yakonzedwa kale m'minda yambiri ya kuno, ndipo m'nyumba zingapo zoyandikana ndi yanga ayamba kale kudya kamodzi pa tsiku. Madzulo anthu amasonkhana pa wailesi kuti amve ngati mayina atuluka ndiponso ngati feteleza wafika ku depoti. Ndikukupemphani kuti muwauze tsiku, ndipo mulisunge.

Ine nzika yanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito, m'chigawo cha kummwera